CIDA COGULA KUTALI CIMAMVERA WOCIPANGA

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi, tamverani. Ambiri a ife tinagulapo njinga ku Harare kapena ku Kitwe ndi kupita nayo kumudzi. Tsiku limene unyolo unaduka, njinga inagona pakhonde, cifukwa wosula unyolo ali kutali. Zida za nkhondo nazonso ziri comweco.

Tiyambe ndi nyanja yathu. Kutsidya kwace, kumpoto kwa Mbamba Bay, kuli doko la Liuli, limene Ajeremani analitcha Sphinxhafen. Sitima yao, Hermann von Wissmann, inapangidwa ku Germany, nibwera zidutswa-zidutswa podzera mu Zambezi ndi Shire, njira ya m'manja mwa ena. M'mwezi wa August 1914 inali pamtunda pa Liuli, alikuikonza. Sitima ya Angelezi, Gwendolen, ya Captain Rhoades, inafika niiombera ndi mzinga. Woyendetsa sitima ya Ajeremani sanadziwe konse kuti nkhondo yayamba. Nanga sitima yina ikanacokera kuti? Germany anali kutali, njira anaitseka Angelezi, ndipo nyanja yonse inagwa m'manja mwao.

Musanene kuti nza kale. Boma la Citaganya linagula ndege za nkhondo ku England: Vampire, Canberra ndi Hunter. Citaganya citatha pa 31 December 1963, ndege zambiri zinatsala ku Southern Rhodesia, ngakhale msonkho wa mkuwa wa ku Northern Rhodesia unathandiza kulipira. Ian Smith atagalukira England mu 1965, Angelezi anamtsekera zitsulo zosinthira, nayamba kuzifuna mozemba. Zimbabwe naye atadzilamulira anagula ndege za Hawk ku England mu 1982. Mu 2000 maiko awiriwa atayambana, England analeka kugulitsa zitsulo, ndipo ndege zija zinayamba kugona pansi, kufikira Zimbabwe anakagula zina ku China.

Mwaona, abale: bwenzi la lero likhoza kukwiya mawa, ndipo silisowa kuombera mfuti. Lingotseka sitolo basi.

Sitinena kuti tisule ndege mawa lino, iai. Koma ndalama zogulira zida ndi thukuta lathu lomwe. Cotero atsogoleri akafuna kugula, tiwafunse mosaopa: Zipolopolo zikatha tidzazitenga kuti? Cikaonongeka, ana athu anaphunzira kucikonza? Wogulitsayo akatifulatira, alipo wina? Akalephera kuyankha, tidziwe kuti tagula njinga yopanda unyolo.