Nsomba za Tsiku Loletsedwa: Chidule cha Khutba ya Ijumaa

KHUTBA YOYAMBA

Tikumtamanda Allah (Subhanahu wa Ta'ala), Mwini madzi a mvula, a m'mitsinje ndi a m'nyanja, Yemwe amadyetsa zolengedwa Zake zonse mosatopa. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad (Swalla Allahu alayhi wa sallam), akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, ndikukulangizani, ndiponso ndikudzilangiza ndekha, kuti timuope Allah poyera ndi m'seri, pamtunda ndi pamadzi, usana ngakhalenso usiku pamene palibe diso la munthu lotiona.

Abale anga olemekezeka m'Chisilamu, mu Surah Al-A'raf, kuyambira Ayah 163 mpaka 166, muli nkhani ya mudzi wa m'mbali mwa nyanja monga midzi yathu ino. Eni ake anali ana a Israeli, ndipo anali ataletsedwa kusodza tsiku la Sabata. Koma tsiku loletsedwalo ndi limene nsomba zinkabwera zambiri, zikuonekera pamwamba pa madzi, pomwe masiku enawo sizinkaoneka. Maulama a Tafsir akulongosola kuti ena mwa iwo anachita ukathyali: ankatchera Sabata lisanalowe n'kukavuula litatha, uku akunena kuti sanaswe lamulo. Mudziwo unagawika patatu. Panali osodza, panali owaletsa, ndipo panali ena amene ankati kuwalangiza anthu otere n'kutaya nthawi. Chilango chitadza, amene akutchulidwa kuti anapulumutsidwa ndi aja ankaletsa choipa.

Lamulo la Sabata linali la anthu amenewo, silinali lathu. Koma mayeso awo ndi omwe amatifikira ife chaka ndi chaka. Kodi nsomba imagwidwa mosavuta nthawi iti? Si nthawi imene yasonkhana kuti iswane?

Mvula ikagwa, mitsinje ikadzaza, ntchila zimachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje kukaikira mazira. Mpasa ndi sanjika nazo zimakwera mitsinje monga Bua, Linthipe, Dwangwa ndi North Rukuru, kufunafuna madzi oyera oyenda pa timiyala. Mpasa sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'nyanja yathu ino ndi m'mitsinje yake. Pa ulendo umenewu nsomba zimadzera pa khomo limodzi lopapatiza, pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja. Pamenepo ndi pamene ena amatchinga ndi matchera kuchokera tsidya lino kufika tsidya lina, ena amamanga biyo yosasiya mpata n'kuikamo miono, ndipo ena amathira katupe m'maiwe, kupha zazikulu, zazing'ono ndi mazira omwe. Munthu wotere sagwira nsomba imodzi. Amagwira mayi pamodzi ndi ana ake onse amene akanadzaza nyanja chaka chamawa.

Chambo nacho chili ndi nthawi yake. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mwake kufikira atalimba. Khoka likamakokedwa nthawi imeneyi limasalaza zisa, ndipo mayi akakodwa amalavula ana amene sangathe kudziteteza. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri makoka a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi akhala akuletsedwa kuyambira pa 1 Novembala. Lamulo la zausodzi la chaka cha 1997 likuletsa kupha nsomba ndi mankhwala kapena mabomba, ndipo neti ya udzudzu, imene tinalandira kuti iteteze ana athu ku malungo, siloledwa m'madzi.

Izi si nthano, abale anga. Akuluakulu amene ali m'mzikiti muno anaiona ntchila ili m'gulu la nsomba zodzaza mabwato. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 inatsika kwambiri, ndipo achinyamata ambiri lero amangoimva dzina. Ku nyanja ya Malombe, m'chaka cha 1982 kunagwidwa chambo choposa matani 8,000. Pofika 1992 sichinkakwananso matani 1,000. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pafupi kwambiri kutheratu. Surah Ar-Rum, Ayah 41, ikutiphunzitsa kuti kuonongeka kwa mtunda ndi nyanja kumachokera ku ntchito za anthu eni ake. Tisanamizire mphepo ya mwera kapena ufiti. Madzi akatayika saoleka.

Wina afunsa kuti: kodi nsomba si halaal? Inde, Allah anatiloleza zamoyo za m'madzi. Koma chinthu chikhoza kukhala halaal pomwe njira yochipezera ili tchimo. Mbuzi ndi halaal, koma yakuba siloledwa. Nyanja ndi mitsinje ndi chuma cha anthu onse, obadwa kale ndi amene sanabadwe, ndipo ife tinangosungitsidwa monga amaanah. Shariah ikuletsa kudzipweteka ndi kupweteka ena, ndipo Surah An-Nisa, Ayah 59, ikutilamula kumvera atsogoleri athu, malinga ngati sakutituma kunyoza Allah. Lamulo lopumitsa madzi kuti nsomba ziswane mulibe kunyoza Allah. Choncho Msilamu woliswa mwadala wachimwa, ngakhale asagwidwe ndi munthu.

KHUTBA YACHIWIRI

Asilamu anzanga, kupatula malo kuti apume si chinthu chachilendo m'Deen yathu. Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wa sallam) anapatula dera la An-Naqi kufupi ndi Madina kuti msipu wake usungidwe. Malo otere amatchedwa hima. Khalifa Umar bin Al-Khattab (Radhiya Allahu anhu) anapatulanso Ar-Rabadha. Pamene ankaika wantchito wake Hunayy kuti ayang'anire hima, anamulangiza kuti akhale wofatsa kwa anthu, aope dua ya woponderezedwa, ndipo aumire kwambiri pa ziweto za anthu olemera, chifukwa iwo ziweto zikafa ali ndi minda yothawirako, pomwe wosauka alibe kolowera.

Malangizo amenewa akufunika kwa aliyense amene wapatsidwa udindo wolondera madzi: alangizi a zausodzi, apolisi, mafumu ndi makomiti a m'madoko otchedwa BVC, amene anayambira ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire m'chaka cha 1993. Inu a komiti, musalande ukonde wa mphawi n'kuuotcha anthu akuona, pomwe khoka la munthu wachuma likukokedwa usiku inu mukudziwa. Musalekerere mlamu wanu n'kugwira mlendo. Lamulo lokondera limafa msanga, pakuti anthu amasiya kuliopa n'kuyamba kulida. Ndipo chenjerani ndi ndowa ya nsomba yotumizidwa kunyumba kwanu m'bandakucha. Imeneyo si mphatso, ndi chiphuphu, ndipo Mtumiki anatemberera wopereka chiphuphu ndi wolandira yemwe. Mukamgwira munthu, mutengereni kwa mfumu kapena kuboma monga mwa dongosolo. Kumumenya ndi kumunyoza si ntchito yanu.

Kuti lamulo lingathe kugwira ntchito, umboni tili nawo pafupi. Ku chilumba cha Mbenje m'boma la Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mfumu ndi anthu ake amatseka usodzi m'mwezi wa Disembala n'kudzatsegula mu Epulo. Nthawi yotseka asodzi onse amachoka pachilumbapo, ndipo woswa mwambo amaweruzidwa ndi kuthamangitsidwa. Zotsatira zake aliyense akuzidziwa: asodzi ochokera kutali amathamangira ku Mbenje chifukwa utaka ukupezekabe. Chimene chasunga malowa si mfuti, koma kugwirizana kwa mudzi.

Tsono tidzifunse tili m'gulu liti mwa magulu atatu aja. Ambiri a ife sitithira katupe, koma timamudziwa wothira. Timamuona akudutsa ndi mtolo wake, timaswali naye mzere umodzi, ndipo timangoti si nkhani yathu. Kukhala chete kotere sikudzatithandiza. Mulangizeni mbale wanu pambali, mwaulemu. Akapanda kumva, pitani naye kwa akuluakulu a mzikiti. Akakanabe, dziwitsani komiti. Uku si kumugulitsa, koma kumugwira dzanja asanadzigwetse m'dzenje pamodzi ndi mudzi wonse. Inunso amalonda, amayi ndi abambo a geni, dziwani kuti wosodza mozembera amalimba mtima chifukwa wogula akumudikira padoko. Musagule kasawala, musayanike pa thandala lanu nsomba za mazira zogwidwa pakhomo pa mtsinje. Wothandizira tchimo ali ndi gawo lake m'tchimolo.

Sitikuiwala za njala. Miyezi yotseka imakumana ndi nthawi imene nkhokwe zapepuka, ndipo bambo amene ana ake agona osadya sangakhute ndi ulaliki. Chisilamu chimamumvetsa wopanikizika, koma kupanikizika kuli ndi malire ake. Kudzaza mabeseni okagulitsa kumsika si kupulumutsa moyo. Komanso lamulo silitseka madzi onse kwa aliyense. Pali zida ndi malo zimene zimaloledwa, choncho funsani alangizi a zausodzi musanalowe m'madzi. Inu eni makoka, musawataye alovi anu nthawi yotseka, popeza ndi thukuta lawo limene linakulemeretsani. Inu opereka Zakaat ndi sadaka, kumbukirani mabanja a asodzi osauka m'miyezi imeneyi. Ndipo nthawi ya usodzi wabwino tiphunzire kusunga, tilime, ndipo polima tisiye mitengo ndi bango la m'mbali mwa mitsinje, chifukwa dothi lokokoloka limakwirira timiyala timene mpasa imaikirapo mazira.

Riziki lili m'manja mwa Allah, ndipo silifulumizidwa ndi kumunyoza Iye. Amene wakhala akuchita zimenezi asataye mtima, khomo la tawbah likadali lotsegula. Aphwasule biyo yake, abweze neti ya udzudzu kuchipinda cha ana, ndipo atsimikize kuti sadzabwereranso.

O Allah, tikhululukireni kuononga kumene manja athu achita. Tidalitsireni mvula, mitsinje ndi nyanja yathu. Tikwaniritseni ndi zovomerezeka Zanu kuti tisasowe zoletsedwa. Apatseni chilungamo atsogoleri athu, muwateteze asodzi athu ku mafunde ndi ng'ona, ndipo ana athu adzapeze m'madzi muno zimene makolo athu anatisiyira. Ameen.

Imirirani tiswali.