Metikali: Chifukwa Chiyani Dziko Lathu Lili ndi Ndalama Yakeyake?



Lero buku lathu lili m'thumba. Amene ali ndi ndalama ya pepala aitulutse, aiike pa bondo. Tiwerenge pamodzi mawu atatu amene alembedwapo: Banco de Moçambique. Imeneyi ndi banki yaikulu ya dziko lathu. Nkhope imene tikuionayo ndi ya Samora Machel, pulezidenti woyamba. Dzina la ndalamayo ndi metikali.

Ife a ku Chifunde timadziwa ndalama zitatu. Tikadutsa pa Cassacatiza, tili ku Chanida, panjira ya ku Katete, ndipo kumeneko ndi kwacha ya Zambia. Chakum'mawa kuli kwacha ya Malawi. Mzinda wa Tete uli kutali, misika ya anzathuwa ili pafupi. Ambiri a ife tagulitsapo chimanga n'kulandira kwacha, ndipo kwachayo tagulira mchere, sopo ndi fetereza. Nchifukwa chake funso ili limamveka kawirikawiri m'sukulu zathu: "Chinenero n'chimodzi, gule ndi mmodzi, ku Kulamba timapita tonse kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Nanga bwanji maiko atatuwa osangokhala ndi ndalama imodzi, tileke kudyeredwa ndi osintha ndalama pa malire?"

Funsoli n'labwino, ndipo sitiliyankha mothamanga.

Tiyambe ndi kale. M'nthawi ya Apwitikizi ndalama yathu inali esikudo. Inkatulutsidwa ndi Banco Nacional Ultramarino, banki imene likulu lake linali ku Lisbon. Kuchuluka kwa ndalama ndi mphamvu yake zinkagamulidwa kumeneko. Makolo athu ankaifuna esikudo makamaka kuti alipire msonkho, ndipo wosowa msonkho ankagwidwa chibalo. Amuna a kum'mwera kwa dziko lino ankapita kumigodi ya ku Joni. Gawo la malipiro awo linkaperekedwa ku boma la Apwitikizi ngati golide, pomwe iwo pobwera kwawo ankalandira mapepala a esikudo. Golideyo boma linkapindula naye, wokumba sanamuone.

Tinalandira ufulu pa 25 June 1975. Chaka chomwecho banki yathu yaikulu inakhazikitsidwa, koma kwa zaka zisanu tinapitiriza kugwiritsa ntchito esikudo. Panali vuto. Atsamunda ambiri pochoka anatuluka ndi mapepala a esikudo ochuluka, ndipo boma silikanadziwa kuti ndalama zili kunja n'zingati, kapena tsiku limene zidzabwerere kudzagula katundu wathu. Pa 16 June 1980 metikali inabadwa. Tsikuli linali lokumbukira anthu amene anaphedwa ku Mueda pa 16 June 1960. Esikudo imodzi inasinthidwa ndi metikali imodzi, ndipo ntchito yosinthayo inachitika m'masiku ochepa chabe. Mapepala amene anali kunja anasanduka zinyalala. Dzinalo silinabwerekedwe kwa Apwitikizi. Linachokera ku muyeso wakale wa golide umene amalonda Achiarabu ankayezera fumbi la golide m'chigwa cha Zambezi ndi kugombe la nyanja.

Tsopano tione maiko amene amagawana ndalama. Lesotho, Eswatini ndi Namibia ali m'gulu limodzi ndi South Africa. Aliyense ali ndi ndalama yake ya pepala, koma yomangiriridwa ku randi, imodzi kwa imodzi, ndipo randi imagula m'masitolo awo. Ubwino ulipo: wogwira ntchito ku Joni akatumiza ndalama ku Maseru, palibe wosintha amene amadyapo. Koma chiwongoladzanja chikakwera ku Pretoria, ku Maseru nakonso chimayenera kukwera, kaya kwagwa chilala kaya ayi. Banki ya ku Pretoria imayang'ana chuma cha South Africa, chifukwa ndiyo ntchito yake. Ngolo ikakhala imodzi, wogwira chingwe cha ng'ombe amakhalanso mmodzi, ndipo kawirikawiri amakhala mwini ng'ombe zazikulu.

Abale athu a ku Guinea-Bissau, amene anamenyana ndi Apwitikizi ngati ife, anasankha njira imeneyo. Mu 1997 anasiya ndalama yawo ya peso n'kulowa mu franc ya CFA, imene mphamvu yake ndi yomangiriridwa ku yuro ya ku Ulaya. Mitengo ya zinthu inakhazikika, koma sangasinthe okha mphamvu ya ndalamayo. Ngakhale Portugal yeniyeniyo inasiya esikudo mu 2002 n'kutenga yuro. Mavuto a ngongole atafika mu 2011, sinathe kutsitsa ndalama yake kuti katundu wake atchipe kwa ogula akunja. Inapempha thandizo, ndipo inadula malipiro a ogwira ntchito m'boma.

Apa ndi pamene pali phunziro lenileni, ndiye timvetsere bwino. Dziko lathu limagulitsa kunja malasha a ku Moatize, magetsi a ku Cahora Bassa, fodya amene timalima kuno. Mitengo ya zinthu zimenezi imakwera, imatsika. Ikatsika, ndalama zakunja zimalowa zochepa. Dziko lokhala ndi ndalama yake limatha kulola ndalamayo kufooka pang'ono. Katundu wakunja amadula, anthu amagula wa kwawo, ndipo chimanga ndi fodya wathu zimatchipa kwa wogula wakunja. Zimawawa, koma ntchito zimapitirira. Dziko lopanda ndalama yake lilibe chitseko chimenechi. Limachepetsa malipiro kapena kuchotsa anthu ntchito.

Palinso china. Pepala la metikali banki yathu imangolipira kulisindikiza. Pepala la dola tiyenera kuligula ndi thukuta, tigulitse kaye katundu kunja. Amene anapitako ku Zimbabwe pambuyo pa 2009, dzikolo litasiya ndalama yake n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya America ndi randi, akukumbukira: m'sitolo munalibe makobiri, chenji ankakupatsa maswiti.

Koma tisanamizane. Zimbabwe inafika pamenepo chifukwa inawononga ndalama yake poisindikiza mopanda malire, mpaka mu 2008 mitengo inkasintha tsiku lililonse. Ndalama yakoyako ili ngati nkhokwe yako: palibe mlendo amene ali ndi ulamuliro pa iyo, koma a m'nyumba mwako akhoza kuibowola. Ifenso taziona. M'zaka za nkhondo mashelefu anali opanda kanthu, metikali inali m'manja koma yosagula, ndipo katundu ankapezeka pa kandonga. Mu January 1987 boma linatsitsa metikali kuchoka pa 40 kufika pa 200 pa dola imodzi. Inapitiriza kufooka mpaka pa 1 July 2006 tinachotsa maziro atatu, 1,000 yakale n'kukhala metikali imodzi yatsopano. Nchifukwa chake akuluakulu mpaka lero amati "konto" pamene ana akuti metikali. Mu 2016 kunaululika ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo, ndipo dola imene inali pafupi ndi 45 kumayambiriro kwa chaka inapitirira 70 chisanathe. Mafuta ophikira ndi fetereza zinakwera m'mudzi momwe muno. Ameneyo sanali mtsamunda. Anali anthu athu.

Nanga ndalama imodzi ya maiko onse a kum'mwera kwa Africa? Bungwe la SADC linaikapo chaka cha 2018 kuti ndalama yotere iyambe. Chakacho chinafika n'kudutsa, ndalamayo sinabwere. Kuti maiko agawane ndalama, mitengo yawo iyenera kukwera mofanana, ngongole zawo zikhale zosapitirira muyeso umodzi, ndipo akhulupirirane kuti wina sadzadya za mnzake. Tiyang'ane anansi athu okha. Mu November 2023 Malawi inatsitsa kwacha yake ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Zambia inalephera kulipira ngongole zake zakunja mu 2020. Ife tinali ndi 2016 yathu. Ndalama ikanakhala imodzi, matenda a mmodzi akanagwira onse atatu, ndipo tikanakangana kuti banki ikhale ku Maputo, ku Lusaka kapena ku Lilongwe.

Za 2023 zija zinafika mpaka kuno. Mlimi amene anagulitsa chimanga mu September n'kusunga kwacha ya Malawi m'chitini, podzasintha mu December kuti alipire zofunika kusukulu ndi kuchipatala kuno kwathu, anapeza mametikali ake achepa kwambiri. Sanaberedwe ndi munthu. Chigamulo chinachitika ku Lilongwe, kumene iye alibe voti.

Tsopano titenge makope athu. Tilembe mawu awa: metikali, kwacha, banki, malire. Kenako tiwerengetse. Wogula wina akupereka mametikali pa thumba la chimanga, wina akupereka kwacha. Tifunse kaye mtengo wosinthira wa lero, tichulukitse, tichotsepo zimene wosintha adzadye, ndipo tione amene akupereka zambiri. Amene anapita pa Cassacatiza sabata ino atiuze mtengo umene anaupeza, tiulembe pa bolodi.