KODI KUGULA FONI YOKONZEDWANSO NDI NZERU?

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa mamembala athu, yemwe ntchito yake ndi yokonza mafoni, adalankhula pa msonkhano wathu wapachaka. Tawasindikiza kuti amene mudalephera kubwera muwamve nanunso.

 Komiti idandipempha kuti ndiyankhe funso ili: kodi munthu akagula foni yokonzedwanso, ija ogulitsa amati refurbished, wachita bwino kapena wataya ndalama? Funsoli si lamasewera ayi. Chiyambire pamene ndalama yathu ya Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambirife foni yatsopano timangoionera pa windo la sitolo. Koma mwana akasankhidwa kupita ku koleji amafuna foni, makolo kumudzi timawatumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo ngakhale msungichuma wathu amatikumbutsa zopereka pa WhatsApp.

Yankho langa ndi lakuti inde, ndi nzeru, koma pokhapokha mutadziwa kuti foniyo yatsala ndi zaka zingati zogwira ntchito. Ndalama zanu zikugula zaka zimenezo.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene pa msika zimatchedwa ndi dzina limodzi. Foni yokonzedwanso yeniyeni ndi imene amisiri adaitsegula, n'kuiyesa, n'kusintha zotha, ndipo wogulitsa amapereka galanti yolembedwa. Mwachitsanzo, a Apple akamagulitsa okha iPhone yotere amaikamo batire latsopano, chikuto chatsopano, ndi galanti ya chaka chathunthu. Ina ija ndi kaunjika chabe: yachokera ku Dubai kapena ku Johannesburg, aipukuta, aiika m'bokosi, basi. Kaunjika si woipa, tonse tidavalapo, koma asagulidwe pa mtengo wa chinthu chokonzedwa. Musanyengedwenso ndi mawu akuti Grade A. Palibe lamulo limodzi loyendetsa magiredi amenewa, wogulitsa aliyense ali ndi ake, ndipo kawirikawiri amanena za maonekedwe a kunja, osati za m'kati.

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi batire, chifukwa ndilo limayamba kukalamba. A Apple amanena kuti batire la iPhone 14 ndi zina zam'mbuyo mwake lidapangidwa kuti likatchajidwa modzaza maulendo 500 likhale lidakali ndi 80 peresenti ya mphamvu yake. Munthu wotchaja tsiku ndi tsiku amakwanitsa maulendo amenewa pasanathe zaka ziwiri. Pa iPhone lowani mu Settings, pitani pa Battery, muone Battery Health. Ikakhala pansi pa 80, dziwani kuti mugulanso batire, ndipo mtengo wake uchotsedwe pa mtengo wa foni. Mafoni ambiri a Android saonetsa nambala imeneyi, choncho onerani kanema kwa mphindi khumi muone m'mene moto ukutsikira ndiponso ngati foni ikutentha. Mukaona galasi kapena chikuto chakumbuyo chikutukuka, batire latupa, ndipo limenelo likhoza kuyaka. Isiyeni. Kuno kwathu kumene magetsi amathimathima, foni ya batire lofooka ndi mtolo.

Chachiwiri n'chimene ambiri sachiganizira konse. Kampani iliyonse imatumiza pa intaneti zokonza mapulogalamu a foni kwa zaka zowerengeka, kenako imasiya. Ikasiya, foni imayakabe bwinobwino, koma mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo sitsekedwanso, ndipo pang'onopang'ono mapulogalamu amayamba kuikana. M'chaka cha 2025 WhatsApp idasiya kugwira ntchito pa iPhone 5s, iPhone 6 ndi iPhone 6 Plus, ndipo amene adazigula chaka cham'mbuyo mwake adatsala ndi foni yokongola yosatha kulandira uthenga wa pa gulu. Komano a Google adalonjeza kusamalira Pixel 8 ya 2023 kwa zaka 7, ndipo a Samsung adalonjeza chimodzimodzi pa Galaxy S24 ya 2024. Foni yotere, ngakhale wina ataigwiritsa ntchito zaka ziwiri, idakali ndi ulendo wautali. Choncho funsani chaka chimene mtundu wa foniyo udatuluka, osati chaka chimene wogulitsayo adaipeza.

Chachitatu ndi mwini wake. Foni iliyonse ili ndi nambala yake ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Imbani *#06# ndipo idzaoneka. Ifanane ndi ya mu Settings ndiponso ya pa bokosi, ndipo wogulitsa ailembe pa lisiti pamodzi ndi dzina lake. Malamulo a dziko lino amazenga mlandu munthu wolandira katundu wakuba, ndipo apolisi akamatsata foni yobedwa amafikira amene akuigwiritsa ntchito. Kuwonjezera apo, kuyambira 2013 iPhone imamangika ku akaunti ya mwini wake, ndipo kuyambira 2015 mafoni a Android nawonso amatero. Mukaifufuta zonse, imafunsa mawu achinsinsi a mwini woyamba. Muuzeni wogulitsa aifufute inu mukuona, ndipo muiyambitse nokha mpaka kumapeto musanatulutse ndalama. Akayamba kunena kuti zimenezo mukachitire kunyumba, tsanzikani.

Ikanimonso SIM kadi yanu n'kuimbira munthu, chifukwa mafoni ena ochokera kunja adatsekeredwa ku kampani imodzi ya kumeneko. Dziwaninso kuti iPhone zogulitsidwa ku America, kuyambira iPhone 14 ya 2022, zilibe polowetsa SIM kadi, zimafuna eSIM. Yesani makamera onse, sipika, polowetsa tchaja, ndipo yendetsani chala pa galasi lonse kuti muone ngati palibe malo akufa. Pa iPhone zaposachedwa, mu Settings, pa General, pa About, pamalembedwa ngati galasi kapena batire zidasinthidwa ndi zosadziwika. Zonsezi sizitha mphindi makumi awiri. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tsopano, poti aphunzitsi athu a masamu ali pompano, tiwerengere. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza. Foni yoyamba ndi ya dzina lotchuka, mtengo K300,000, koma yatsala ndi chaka chimodzi ndipo ikufuna batire la K60,000. Imeneyo ikudyerani K360,000 pa chaka. Yachiwiri ndi ya K600,000, batire labwino, yatsala ndi zaka zinayi. Imeneyo ndi K150,000 pa chaka. Yotchipa ndi iti? Amene tinkagona m'kalasi masana tingathebe kuyankha.

Masamu omwewa nthawi zina amatiuza kuti tisagule yokonzedwanso. Ngati foni ndi ya mayi kumudzi, yoimbira, yolandirira ndalama ndi kuonera zithunzi za adzukulu, Tecno kapena itel yatsopano ya mtengo wochepa ndiyo yabwino. Batire lake ndi latsopano, ili ndi galanti, ndipo zipangizo zake zimapezeka ngakhale pa boma. Foni yapamwamba ikasweka galasi, mtengo wa galasilo ukhoza kuposa wa foni yaing'ono yatsopano. Koma kwa wophunzira wa ku koleji, kapena wabizinesi amene amajambula katundu wake n'kutumiza kwa makasitomala, foni yabwino ya zaka ziwiri kapena zitatu imaposa yatsopano ya mtengo womwewo pa kamera ndi pa liwiro.

Potsiriza, sankhani wogulitsa musanasankhe foni. Akhale ndi malo amene mawa mudzampeza, apereke lisiti, ndipo alembe kuti foni ikavuta m'miyezi yakutiyakuti adzaikonza kapena kuisintha. Akakana kukwaniritsa zimene adalemba, muli ndi pepala lopita nalo ku Competition and Fair Trading Commission. Wogulitsa wa pamsewu amene akukufulumizitsani kuti mvula ikubwera alibe kumene mungakamdandaulire. Anzathu amene muli ku South Africa ndi ku Britain, mukamatumizira abale foni zanu zakale, chonde yambani mwachotsamo akaunti yanu, chifukwa ambiri amabwera nazo kwa ine zitatsekeka ndipo palibe chimene ndingachite.

Ndikhala pa tebulo lakumbuyo uko tikatha kudya. Amene muli ndi foni imene mukuikayikira, bwerani nayo tiione limodzi, kwaulere.