Msonkho wa Ogulitsa Malonda M'makomo ku America

M'chaka cha 1951, kampani ya Tupperware ya ku America inachotsa ziŵiya zake zapulasitiki m'masitolo niyamba kuzigulitsa m'makomo mokha. Amene anatsogolera njira imeneyi anali Mai Brownie Wise. Mwini nyumba ankaitana anzake, wogulitsa naonetsa katundu, alendowo nagula. Kufikira lero anthu ambiri m'dzikomo amagulitsa ziŵiya ndi mafuta odzola mwa njira yomweyi, ndipo ena amalipira malo oikapo thebulo pa zionetsero za malonda.

Chionetsero chikatha, wogulitsa amaŵerenga ndalama za m'chikwama nasekerera. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zonsezo si phindu ai. Ndiponso kuyambira 1982, lamulo la dzikolo limamuona munthu wotere ngati mwini malonda, osati wantchito wa kampani. Motero palibe bwana womudulira msonkho. Iye mwini ayenera kulemba zimene wapeza ndi zimene waononga pa fomu yotchedwa Schedule C, yopita ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho. Phindu likafika madola 400 pa chaka, amaperekanso msonkho wa anthu odzilemba okha ntchito, umene uli 15.3 pa 100 iliyonse.

Lamulo limamulola kuchotsera ndalama zimene zapita pa zinthu zozoloŵereka ndi zofunika pa malondawo, monga malo a thebulo, chikwangwani ndi timapepala tolengezera katundu. Ulendo wa pagalimoto nawo umaŵerengedwa: m'chaka cha 2024 unali masenti 67 pa mailosi iliyonse. Pa mphatso yopatsa wogula, amachotsera madola 25 okha pa munthu mmodzi pa chaka. Pa chakudya chodyera pamodzi ndi wogula pokambirana za malonda, amachotsera theka.

Chitsanzo nachi. Mai wina wagulitsa katundu wa madola 600, amene anaoda pa madola 360. Thebulo walipira madola 50, ndipo wayenda mailosi 40, ndiwo madola 26.80. Phindu loyenera kudulidwa msonkho ndi madola 163.20 basi. Koma ngati malisiti anataya, ndipo maulendo sanalembe, akuluakulu a msonkho angathe kukana zochotserazo, maiyo nalipira msonkho pa ndalama zimene zinapita kale.

Pali malire enanso. Mafuta amene wogulitsa wadzola yekha, kapena ziŵiya zimene akugwiritsa ntchito kukhitchini kwake, sizichotseredwa. Ndiponso munthu woluza chaka ndi chaka angathe kuganiziridwa kuti akungosangalatsa mtima wake, sakuchita malonda. Amene wapeza phindu zaka zitatu mwa zisanu, lamulo limamutenga kuti ali pa malonda enieni. Koma amene waonedwa kuti akungotayitsa nthaŵi, kuyambira 2018 saloledwa kuchotsera zoonongazo, chonsecho ndalama zimene walandira zimadulidwabe msonkho.

Nchifukwa chake wogulitsa wochenjera sayembekeza mwezi wa April, pamene mafomu a msonkho amafunika. Tsiku lomwelo la chionetsero, asanagone, amalemba m'kabuku malo amene anapita, mtunda umene anayenda ndi ndalama zimene analipira, namata malisiti pa tsamba lomwelo. Kabukuko amakasunga zaka zosachepera zitatu, pakuti m'zaka zimenezo boma lingathe kumufunsa umboni.