Tulo ta m'Cipatala

M'makomboni a Lusaka, ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama, muli mau amene amaopsya anthu koposa mpeni wa dotolo, ndiwo akuti, "Adzamgoneka." Mai amene wauzidwa kuti mwana wace adzabadwa mwa opaleshoni, kapena mwamuna wothyoka mwendo pa nchito, amafunsa cinthu cimodzi: kodi ndikagona ndidzadzukanso? Funso limeneli si la munthu wopusa ai. Madotolo nawonso akhala akulifunsa zaka zoposa 170, ndipo amaliyankha pakuyesa mankhwala ndi kuwerenga odwala mmodzimmodzi.

Kale opaleshoni inkacitika munthu ali maso, amuna amphamvu atamgwira manja ndi miyendo. Pa 16 October 1846, mu mzinda wa Boston ku America, William Morton anapumitsa wodwala mpweya wa ether, ndipo dotolo anamcotsa cotupa pakhosi ali m'tulo. M'caka ca 1898 dotolo August Bier wa ku Kiel, ku Germany, anabaya mankhwala pamsana kuti thupi licite dzanzi kuyambira m'cuuno kufikira kumapazi. Atayesa pa odwala owerengeka, iye ndi womthandiza wace anabayana okhaokha, ndipo mutu unawapweteka masiku angapo. Bier analemba zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti anzace acenjere.

Mankhwala ena odziwika m'zipatala za mu Africa ndiwo ketamine. Anawapanga Calvin Stevens mu 1962, ndipo mu 1964 madotolo awiri, Edward Domino ndi Guenter Corssen, anawayesa pa akaidi 20 odzipereka ku Michigan. Anapeza kuti munthu samva kuwawa, koma amapuma yekha, ndipo mtima ugundabe mwamphamvu. Cifukwa cace mankhwala amenewa athandiza kwambiri pa munthu wovulala amene wataya magazi, ndiponso kumalo kosowa makina opumira. Anapezanso kuti ena podzuka amaona maloto acilendo. Tsono wodwala akabwebweta atacoka ku opaleshoni, abale asafulumire kunena za misala kapena za ufiti. Nthawi zambiri zimatha mankhwala akasungunuka m'thupi.

Koma zoyesedwa ku maiko akutali siziyankha zonse za kuno, ndipo madotolo a mu Lusaka anayamba kuwerenga okha. Mu 1989 Heywood, Wilson ndi Sinclair anasindikiza zimene anapeza pa University Teaching Hospital. Pa maopaleshoni 10,592 ocitika m'miyezi 7, anthu 80 anamwalira asanathe masiku 6. Ndiye kuti pa anthu 1,000 ali onse, oposa 990 anapyola masiku oopsyawo. Komabe madotolowo sanadzikhululukire, pakuti anaona kuti imfa 35 zikadapewedwa.

Ku Malawi, dotolo Paul Fenton wa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, pamodzi ndi anzace, analondola akazi 8,070 amene anabereka mwa opaleshoni pakati pa 1998 ndi 2000. Akazi 85 anamwalira, ndipo 65 mwa iwo anamwalirira ku wodi, opaleshoni itatha kale. Ambiri anafika ali pangozi, ena cibaliro citang'ambika, ena atataya magazi ocuruka. Anapezanso kuti imfa zinali zocepa pakati pa akazi obayidwa pamsana koposa pakati pa ogonekedwa tulo tofa nato. Mai wobayidwa pamsana amakhala maso, apuma yekha, ndipo amamva kulira koyamba kwa mwana wace.

Ziwerengero zimenezi ziphunzitsa kuti mdani wamkulu kawirikawiri si tulo ta mankhwala. Adani ndiwo kucedwa kufika, kutaya magazi, ndi kusowa womyang'anira wodwala usiku woyamba. Zina mwa izi ziri m'manja mwa boma ndi madotolo. Mu 2011 University of Zambia inayamba kuphunzitsa madotolo ukatswiri wa kugoneka odwala, ndipo zipatala za ku Matero, Kanyama ndi Chawama zinakulitsidwa kotero kuti opaleshoni zina zicitikira pafupi ndi anthu. Koma zina ziri m'manja mwa wodwala mwini ndi abale ace.

Coyamba, wodwala afike msanga. Mai amene wavutika ndi matenda a ucembere tsiku lathunthu kunyumba afika mphamvu zitatha. Caciwiri, namwino akati asadye, asadye ndithu, ngakhale phala. Munthu wogonekedwa sangatsokomole, ndipo cakudya cocokera m'mimba cikhoza kulowa m'mapapu ndi kumtsamwitsa. M'bale wobisa nsima m'citenje kuti adyetse wodwala wace usiku amuika pangozi, cinkana acita ndi mtima wacifundo. Cacitatu, wodwala anene zoona: mowa umene amamwa, fodya, mankhwala acikuda, mapiritsi a tsiku ndi tsiku, cifuwa ca mphumu, nthenda ya shuga, ndi bvuto liri lonse limene iye kapena m'bale wace analiona pogonekedwa kale. Wogonetsa amayesa mankhwala monga mwa kulemera kwa thupi ndi mphamvu ya mtima, ndipo sangayese bwino cimene abisiridwa. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Potsiriza, wodikira matenda asagone tulo tambiri usiku woyamba. Akaona magazi akunyowetsa nsaru, kapena wodwala akuzizira manja ndi kupuma mofulumira, aitane namwino nthawi yomweyo, asadikire kuca. Ndipo amuna amphamvu a m'migodi ndi a m'tauni akumbukire kupereka magazi ku cipatala akali bwino, pakuti botolo limodzi losungidwa lero lingathe kuombola mai wa ku Kalingalinga kapena ku George amene iwo sadzamuona ndi maso.