Tcheni Chatsopano pa Mano Akale

Mlimi wina wa kufupi ndi Mitundu analaŵirira mbandakucha ndi matumba aŵiri a mtedza pa kaliyala, ulendo wa ku msika wa ku Lilongwe. Dzulo lake anali atagula tcheni chatsopano, motero mtima unali m'malo. Koma atafika pa chitunda choyamba, naimirira pa mapedulo kuti apalase mwamphamvu, tcheni chija chinalumpha, phazi linaterereka, ndipo bondo linagunda hendulo. Anayesanso, chinalumphanso. Zitunda zonse zotsala anakwera wapansi akukankha njinga, ndipo pofika pa msika ogula a m'maŵa anali atabalalika kale. Mlandu wonse anausenzetsa wogulitsa tcheni. Komatu tchenicho chinalibe chilema. Vuto linali pa mano a filiwilo, amene anawasiya akale.

Nkhani ya lero ikunena za ziŵalo zimene zimatenga mphamvu ya miyendo ndi kuifikitsa ku gudumu la kumbuyo: mapedulo ndi mikono yake, gudumu lalikulu la mano, tcheni, ndi filiwilo. Ziŵalo zimenezi zimakalamba pamodzi, ndipo chatsopano chimagwira bwino ntchito pokhapokha chikagwirizana ndi zinzake pa muyeso.

Tcheni cha mtundu umene ukuoneka pa njinga lero chinachokera ku luso la Hans Renold wa ku Manchester m'chaka cha 1880, ndipo mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga yotchedwa Rover, yoyendetsa gudumu la kumbuyo ndi tcheni. Pa matcheni a njinga a masiku ano, kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake pali theka la inchi, ndiye kuti mamilimita 12.7, ndipo mano a filiwilo ndi a gudumu lalikulu amasulidwa motsata muyeso womwewo. Anthu amati tcheni chatamuka, koma chitsulocho sichitamuka ngati mphira. Mchenga umaloŵa m'mfundo, nudya mapini pang'onopang'ono, ndipo mfundo iliyonse imayamba kugwedera. Tcheni chikatalika motero chimakwera pamwamba pa mano ndi kuwaperesa, mpaka mano aja amasongoka ndi kupindika ngati minga ya mtete. Tcheni chakale ndi mano akale zimazoloŵerana, ndipo zimayendabe. Tcheni chatsopano chimasoŵa pokhala pa mano otere, ndiye chifukwa chake chimalumpha munthu akaponda mwamphamvu.

Mwini njinga angathe kudziŵa msinkhu wa tcheni chake ndi tepi ya telala. Aike chiyambi cha tepi pakati pa pini imodzi, tcheni chili chokungika, ndipo ayang'ane pa mainchi 12. Pa tcheni chabwino pamenepo pamakhala pini ina ndendende. Pini ikapitirira ndi 1/16 ya inchi, pafupifupi milimita imodzi ndi theka, nthaŵi yosintha tcheni yakwana, ndipo mano angathe kupulumuka. Ikapitirira ndi 1/8 ya inchi, pafupifupi mamilimita 3, kaŵirikaŵiri filiwilo nayo imakhala itatha, ndipo ziyenera kugulidwa zonse ziŵiri. Wopanda tepi akoke tcheni ndi zala pa mbali ya kutsogolo ya gudumu lalikulu la mano. Chikanyamuka mpaka dzino kuonekera, chatha. Wosintha tcheni msanga amasunga filiwilo imodzi kwa matcheni angapo. Wodikira kuti chiduke amalipira zonse tsiku limodzi.

Si phokoso lililonse limene limachokera ku tcheni chotha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo njinga nayo imafuna kuimvetsera munthu asanatulutse ndalama. Kulumpha kobwera kamodzi pakapita mapalaso atatu kapena anayi kumasonyeza mfundo imodzi youma. Munthu akazungulitsa mapedulo chambuyo amaiona ikudutsa mokhota pa filiwilo, ndipo dontho la oilo ndi kuipindapinda ndi manja zimaimasula. Tcheni chogwa kaŵirikaŵiri pa njinga yopanda magiya chimakhala cholenda, kapena gudumu la kumbuyo linamangidwa mopendama. Mankhwala ake ndi kumasula manati, kukokera gudumu kumbuyo mofanana mbali zonse, ndi kusiya tcheni chikuseŵera pafupifupi theka la inchi pakati pake. Chokungika kwambiri chimadya mabelingi. Mapedulo akamazungulira pachabe njinga osasuntha, ndiye kuti tizitsulo tokoŵa mano a m'kati mwa filiwilo tamatidwa ndi litsiro kapena tathyoka. Palafini pang'ono ndi oilo wopepuka zimatidzutsa, koma tikathyoka filiwilo isinthidwe.

Kugogoda komveka pa kupalasa kulikonse, pamalo amodzimodzi, kumachokera ku kotapini yomasuka kapena ku mabelingi a pakati pa mapedulo. Kotapini imakhomedwa ndi hamala, mkono wa pedulo utachirikizidwa pansi pake, kenaka nati imangidwe; wofuna kuikoka ndi nati yokha amadula mazinga ake. Makotapini aŵiriwo ayenera kuyang'ana mosiyana, limodzi mutu kumwamba pamene linzake mutu uli pansi, apo ayi mapedulo sakhala pa mzere umodzi.

Tsono pali nkhani ya kugula. M'misika ya m'Malaŵi mumakumana njinga za mitundu yambiri: Raleigh ndi Humber zakale za ku England, Phoenix ya ku China, Hero ya ku India, Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, ndi njinga za magiya zobwera zitagwirapo kale ntchito kunja. Zipangizo zake zimafanana m'maso, koma zimasiyana pa muyeso. Tcheni cha njinga yopanda magiya n'chotakata 1/8 ya inchi m'kati mwake. Cha njinga ya magiya 5 mpaka 8 kumbuyo ndi cha 3/32, ndipo cha magiya 9, 10, 11 kapena 12 chimanka chichepera m'mbali. Tcheni chotakata chikaikidwa pa njinga ya magiya chimakhula magiya oyandikana, ndipo chopapatiza sichiloŵa pa mano okhuthala a njinga yonyamulira katundu. Wogula aŵerenge magiya a kumbuyo asanapite ku sitolo.

Njinga za magiya nazo zili paŵiri. Zina zili ndi filiwilo yopotera pa habu ngati nati. Zina zili ndi kaseti, magiya ongoloŵetsa pa habu imene ili ndi zokoŵa zake m'kati, njira imene kampani ya Shimano ya ku Japan inafalitsa. Ziŵirizi sizisinthana, ndipo chilichonse chili ndi sipanala yakeyake yomasulira.

Makotapini ofala ndi a mamilimita 9 ndi a 9.5. Yaing'ono imamira yonse n'kumagwederabe, ndipo yaikulu imakana kuloŵa. Mapedulo ambiri ali ndi mazinga a 9/16 ya inchi, koma ena ndi a theka la inchi. Pedulo ya kumanzere imamangidwa mopotera kumanzere, ndipo ambiri aononga mkono wa pedulo poikakamiza kuloŵera kumanja. Pakati pa mapedulo, njinga zambiri zili ndi mazinga 24 pa inchi, pamene Raleigh zakale za ku Nottingham zinali ndi mazinga 26. Chikho cha mabelingi cha mtundu wina chimaloŵa mapoto aŵiri kapena atatu kenaka n'kuuma. Wopitiriza ndi mphamvu amaononga felemu, chiŵalo chodula kuposa zonse. Lamulo ndi lakuti chitsulo chimene chakana kuloŵa ndi zala chisakakamizidwe ndi sipanala. Safunsa anadya phula: njira yotsimikizika ndi kutenga chiŵalo chakalecho ku sitolo, kuchiika pambali pa chatsopano, ndi kufunsa makaniko.

Posintha filiwilo ndi bwino kuŵerenganso mano. Njinga zambiri zopanda magiya zimabwera ndi mano 44 kapena 46 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Wa kabaza kapena wonyamula katundu m'dera la zitunda amapepukidwa ndi filiwilo ya mano 20 kapena 22, ngakhale liŵiro limachepa pa chigwa, ndipo mwina tcheni chimafunika kuonjezera mfundo.

Zonsezi zimachedwa kufika ngati tcheni chikusamalidwa. Mdani wake wamkulu ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta, pakuti limasanduka ngati mwala wonolera. Tcheni chitsukidwe ndi palafini ndi kamswachi kakale, chiume, ndipo pa mfundo iliyonse pagwe dontho limodzi la oilo woyera. Pambuyo pake chipukutidwe ndi kansanza, chifukwa oilo amafunika m'kati mwa mfundo, wa kunja amangoitana fumbi. Oilo wakuda wochotsedwa mu injini amakhala ndi zinyalala za chitsulo, ndipo mafuta ophikira amachita ulimbo. M'chilimwe cha fumbi ndiponso njinga ikayenda m'matope a dzinja, ntchito imeneyi ichitike pafupipafupi.

Mlimi wa ku Mitundu uja anabwerera kwa wogulitsa ali ndi mkwiyo, koma makaniko wa pansi pa mtengo pafupi ndi sitoloyo anamuonetsa mano osongoka a filiwilo yake. Anagula ina ya mano 20, ndipo sabata yotsatira anakwera chitunda chomwe chija ali pa chishalo, matumba aŵiri ali kumbuyo. Tepi ya telala tsopano amaisunga pamodzi ndi pampu ndi zigamba.