Ambulansi Sifunsa Pasipoti

Ndaima pano kuti tikambirane za anthu amene timawaona akudutsa ndi ambulansi, koma ambiri a ife timaopa kuwaitana. Mantha amenewa tiwathetse lero, pakuti munthu amene walumidwa ndi njoka m'munda, kapena wapuma mankhwala ophera tizilombo, alibe nthawi yodikira kuti abwana abwere kuchokera kutauni.

Tiyambe ndi lamulo. Gawo 27(3) la malamulo aakulu a dziko la South Africa, a chaka cha 1996, limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha kuchipatala pa ngozi kapena matenda adzidzidzi. Lamulo la zaumoyo la 2003, National Health Act, limabwereza zomwezo mu gawo 5. Malamulowa sanena za nzika zokha. Kaya munachokera ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe, kaya ziphaso zanu zinatha, akukutetezani. Nkhani ya ndalama ikhoza kubwera pambuyo, koma singakhale chifukwa chokusiyani mukutaya magazi.

Kodi anthu a mu ambulansi ndani? Ambiri timangowatcha madalaivala, chonsecho ndi azaumoyo ophunzitsidwa, olembetsedwa ku bungwe la Health Professions Council of South Africa. Akafika, amayamba aona ngati malowo sangaike moyo wawo ndi wanu pachiswe. Kenako amaona ngati wodwala akupuma ndiponso ngati mtima ukugunda. Amaletsa magazi, amamanga fupa lothyoka, amapereka mpweya wa okosijeni, amathandiza mayi amene nthawi yobereka yamupeza panjira. Ena anaphunzira kwambiri kuposa anzawo, ndipo amaloledwa kupereka mankhwala amphamvu. Pomaliza amasankha chipatala choyenera vutolo, nkukapereka wodwala kwa anamwino ndi madokotala pamodzi ndi zonse zimene alemba.

Alinso ndi udindo wokulemekezani. Ngati muli maso, ayenera kukufotokozerani zimene akufuna kuchita ndi kumva kwa inu ngati mukuvomera. Gawo 14 la lamulo la zaumoyo lija limawalamula kusunga chinsinsi cha matenda anu. Akhoza kukufunsani dzina ndi zaka kuti alembe m'mapepala awo, koma kufufuza ziphaso si ntchito yawo. Iwo si apolisi, ndiponso si a Home Affairs.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Pa foni ya m'manja imbani 112, nambala yaulere. Ina ya ambulansi ndi 10177. Nenani bwinobwino pamene muli: dzina la famu, msewu, tauni yapafupi ndi chizindikiro chooneka ngati sitolo kapena tchalitchi. Nenani chimene chachitika ndi chiwerengero cha ovulala, ndipo musadule foni mpaka akuuzeni. Tumani munthu akaime pageti. Dzina la famu yanu ndi adiresi ya nyumba imene mumagwira ntchito muzilembe lero lomwe, chifukwa pa tsiku la ngozi mutu umasokonezeka.

Podikira, dinikizani bala ndi nsalu yoyera. Amene wagwa kuchokera pamwamba musamunyamule pokhapokha ngati pali moto kapena ngozi ina, chifukwa msana ukhoza kukhala utavulala. Amene wathiridwa mankhwala a m'munda muvuleni zovala zonyowazo, mumusambitse ndi madzi ambiri, musamusanzitse, ndipo sungani chigubu cha mankhwalawo kuti azaumoyo awerenge dzina lake. Wolumidwa ndi njoka musamutemere mphini kapena kumumanga chingwe.

Ambulansi ikachedwa, imbaninso ndi kunena ngati wodwala wafooka, pakuti amayamba ndi amene moyo wake uli pangozi yaikulu. M'madera ena a Cape Town amadikira apolisi owaperekeza chifukwa anzawo akhala akuberedwa ndi kumenyedwa pantchito. Akafika kwathu, tiwapatse njira ndi ulemu.

Pomaliza, musaiwale mapepala. Lamulo la COIDA la 1993 limapereka chipukuta misozi kwa ovulala pantchito. Kwa zaka zambiri ogwira ntchito m'nyumba anali kunja kwa lamuloli. Mu 2012 Maria Mahlangu anamira m'dziwe losambiramo la abwana ake, ndipo mwana wake Sylvia anatengera nkhaniyo kukhoti. Mu November 2020 khoti la Constitutional Court linagamula kuti kuwasiya kunja nkosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Choncho mukavulala, auzeni a mu ambulansi mosabisa kuti ngoziyo yachitikira pantchito. Zimene iwo alemba zidzakhala umboni wanu.

Akuluakulu anati kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu. Mnzanu akagwa m'munda, imbani kaye foni, abwana muwadziwitse pambuyo.